Tsiku limene asekulu anagula mowa

Fungo la mowa wakuda ukuwira pamoto likandipeza, ngakhale lero, ndimawaona asekulu anga, agogo aamuna a Tembo, atanjuta kuseri kwa nkhokwe, atavala jekete lawo la kutchalitchi, akutakasa kasafuliya ndi supuni yaitali, utsi wa makala ukuwalowa m'maso koma iwo osaphethira. Fungolo linali lowawira komanso lotsekemera nthawi imodzi, ngati chimera chopserera, ndipo linkasakanikirana ndi la ndowe za m'khola ndi la fumbi lonyowa ndi mvula yoyamba. Ine, kamtsikana ka sitandade folo, ndinangoti njo pambali pawo, mazira ali m'manja, osadziwa ngati ndithandize kapena ndikaitane anthu. Pajatu asekulu anali mkulu wa mpingo, munthu woti akamva kuti pakhomo pena aphika masese ankalolera kuzungulira njira ya kudambo.

Kumudziko, kufupi ndi Champhira, ndinapitako chifukwa bambo anga, a Gomezgani, ankacheka matabwa ku Viphya, ndipo mayi anga, Mchewa wa ku Dowa, anali ndi khanda kumsana. Anati pita ukathandize agogo ako akazi, sakupeza bwino. Chitumbuka changa chinali chothyokathyoka, choncho asekulu ankandiyankhula Chichewa chawo chodzaza ndi mbwenu, basi wa Chitumbuka, pamene agogo Nyachirwa ankangondithira Chitumbuka basi, kaya ndamva kaya sindinamve.

Nditafika ndinadabwa, chifukwa wodwalayo ndinamupeza akusesa pabwalo. Thupi linali bwinobwino. Ankatong'ola chimanga, kuzira m'nyumba, kuthamangitsa nkhuku pamphasa ya ufa. Mutu ndi umene unkataya zinthu. Ankathira mchere mu tiyi, ankafunsa ngati ng'ombe zimene zinafa ine ndisanabadwe zamwa madzi. Asekulu anapita nawo kuchipatala ku Embangweni, n'kubwerako ndi mawu akuti ndi ukalamba, muziwasamala.

Koma chachikulu chinali ichi. Asekulu atakalamba anafanana zedi ndi malemu bambo awo, dazi lomwelo, ndevu zoyera zomwezo, mpaka katsokomoledwe. Ndiye agogo anayamba kuwaona ngati apongozi awo aamuna, atatavyala pa Chitumbuka. Kwathu kuno mkamwana sadya apongozi ake aamuna akumuona, sakhala nawo pamphasa imodzi, akakumana panjira amapatuka n'kugwada, ndipo akakhala ndi mawu amatuma mwana. Mwanayo ndinali ine.

"Lusungu, kawauze atatavyala kuti madzi osamba afunda," ankatero agogo, atagwada, nkhope atalozetsa kukhoma. Asekulu ali pomwepo pampando, malo oti ukhoza kuwapatsira mbale osadzuka n'komwe.

Tsiku loyamba ndinaseka. "Agogo, amenewatu ndi amuna anu."

Ananditsina pantchafu mpaka misozi. "Usandichititse manyazi iwe. Amuna anga ali ku Joni, abwera pa Khirisimasi."

Ndinayang'ana asekulu kuti andithandize. Iwo anangovula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso. "Uwauze kuti yewo," anatero. Ndinatembenuka n'kunena kuti akuti yewo, zikomo ya Chitumbuka, ngakhale agogo anamva okha. Umu ndi mmene tinkakhalira, anthu atatu pabwalo limodzi, mawu onse kudzera mwa ine ngati ndine mlatho. Asekulu anasamukira m'kanyumba ka anyamata, ndipo pa nthawi ya chakudya ankapita dala kukhola kuti agogo adye momasuka.

Disembala atalowa zinafika poipa. Agogo anayamba kukhala pansi pa mtengo wa muwanga m'mbali mwa njira, atavala chitenje chabwino, kudikira munthu wochokera ku Joni. Chakudya ankachikankha. Ankati adya akafika mwini wake. Mikono inayamba kuonda, mpaka chibangili chawo chamkuwa chinkatsetsereka kufika pachigongono. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo ndinkakwiya nawo onse awiri, agogo chifukwa chosaona chinthu chili pamaso pawo, asekulu chifukwa chongoyankha yewo.

Loweruka lina m'mawa asekulu anapopa njinga n'kundiuza kuti ndikwere. Tili m'njira yopita ku Jenda, anandiuza zimene sindinkadziwa, kuti ku Joni anagwirako ukhukhi zaka zambiri m'nyumba ya azungu, ndipo chaka chilichonse pobwera ku Khirisimasi ankanyamula keke yakuda m'chitini, imene azunguwo ankaitcha mabulawuni. Agogo ankaikonda moti ankaibisa kudenga kuti ana asaipeze, n'kumadya kachidutswa kamodzi patsiku.

"Akaidya adzandidziwa," anatero akupalasa pamtunda, mpweya uli wefuwefu. "Ndikungofuna adye, ndipo andiitane kamodzi kokha monga kale, adada a Gomezgani. Mbwenu."

Ku Jenda tinagula fulawa, shuga, majarini, koko wa m'chitini ndi chokoleti chimodzi chimene mwini golosale anachita kuchipukuta fumbi. Kenako asekulu anaimika njinga patsogolo pa bala. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mabasi a ku Mzuzu akuliza mahutala kumbuyo kwathu, anyamata ogulitsa mbatatesi akutizungulira. Mapeto ake anavula chipewa ngati akulowa m'tchalitchi, n'kulowa. Ndinasuzumira pakhomo. Amuna amene ankamwa m'katimo anangoti zii, wina mpaka kubisa botolo lake pansi pa tebulo.

"Sitauti imodzi," anatero asekulu. "Musatsegule."

Potuluka sanalibise botololo. Analinyamula poyera, lakuda bii, ndipo kutsidya kwa msewu a Nyabanda, mayi wa mumpingo mwathu amene ankagulitsa tomato, anasiya kupanga mulu n'kugwira pakamwa.

"Asekulu, mwayamba kumwa?" ndinafunsa titakwera njinga.

"Si wakumwa uwu. Ngwophikira."

"Mowa amaphikira?"

"Gwira bwino jumbo, fulawa angatayike."

Njira yonse mutu wanga unkangozungulira. Ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti mowa ndi wa Satana, ndipo amene anatiphunzitsa zimenezo ndi omwewa akupalasa njingawa. Ndinaganiza kuti mwina matenda a agogo ngopatsirana.

Titafika, anasankha kuseri kwa nkhokwe kuti agogo asawaone, pakutinso mwamuna wa Chingoni sagwira mthiko pamaso pa anthu. Anatsegula botolo ndi mpeni, thovu lofiirira linatuluka, iwo n'kukhotetsa nkhope ngati awona chinthu chowola. Anathira mowawo m'kasafuliya n'kuusiya uwire mpaka unatsala pang'ono, wakuda ndi wolemerera ngati uchi wa m'mphanga. M'menemo anasungunuliramo majarini ndi chokoleti. Ine anandipatsa ntchito yomenya mazira ndi shuga, ndipo dzanja likalema ankangoti, "Pitiriza, sanayere." Manja awo amene ndinkawadziwa ndi khasu ndi Baibulo anasanduka ena, opepuka, osefa fulawa ndi koko mofulumira, osataya ngakhale kambewu.

"Soda mwaiwala," ndinawakumbutsa, chifukwa mayi anga chigumu ankaphika ndi soda.

"Si chigumu ichi. Chisafufume."

Keke yosafufuma, yothira mowa, yophikidwa ndi mkulu wa mpingo atavala jekete. Ndinangosiya kufunsa. Anatulutsa chitini chakale chamakona anayi chimene ankasungiramo misomali, n'kuchikwecha ndi phulusa mpaka chinawala. Anaika mchenga mumphika waukulu, chitini pamwamba pa mchengawo, n'kuvundikira ndi lata, makala ochepa pansi, ambiri pamwamba. Tinadikira tikumva makala akuthetheka. Patapita nthawi anabaya pakati ndi kamtengo ka machesi, ndipo kanatuluka kali ndi zomata.

"Sizinapse," ndinatero.

"Zapsa. Pakati pazikhala ngati sipanapse."

Zitazizira anadula timakona, pamwamba pali posweka-sweka ndi ponyezimira, m'kati muli monyowa ngati dothi la kudimba. Anaziika m'chitini chomwecho, n'kuvula jekete, kulikutumula, kulivalanso. Anapesa ndevu ndi zala. Kenako anandipatsa chitinicho kuti nditsogole, iwo akubwera pambuyo pang'onopang'ono.

Agogo anali pansi pa muwanga paja. Ndisanafike n'komwe, anatukula mphuno. Nditagwada n'kuvundukula, anayang'ana nthawi yaitali, n'kutenga kachidutswa, kununkhiza, kuluma. Anatseka maso. Anadya china, ndi chinanso, nyenyeswa zikugwera pachitenje iwo n'kumazitola ndi chala. Kenako nkhope yawo inaseka yonse, mmene ndinali ndisanaionerepo.

"Wafika," anatero. "Adada a Gomezgani afika."

Kumbuyo kwanga ndinamva asekulu akusendera pafupi, n'kutsokomola pang'ono. Agogo anatembenuka, anawayang'ana bwinobwino kuyambira kudazi mpaka kunsapato. Ndiye anameza msangamsanga zimene zinali m'kamwa, anapukuta milomo ndi chitenje, n'kugwada, nkhope kumbali.

"Lusungu, bwanji sunandiuze kuti atatavyala ali pano, ine ndikudya?"

Agogo anasankha chidutswa chachikulu kwambiri, cha pakona, n'kuchiika pa chivundikiro cha chitini.

"Kawapatse, alawe zimene wabweretsa mwana wawo. Ndipo uwauze kuti ndikuthokoza chomene, analera bwino mwana. Amuna a anzanga akapita ku Joni amatchona, amakwatira komweko. Koma wawoyu zaka zonsezi sanandiiwalepo ngakhale chaka chimodzi. Ine sindinganene pamaso pake, angadzimve, koma bambo ake adziwe."

Ndinayenda mapazi ochepa aja ndi chivundikiro m'manja, ndinagwada, ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze, koma mawu anakana. Asekulu analandira ndi manja awiri. Anayang'ana kutali kumapiri, ndevu zikugwedezeka, kenako anati, "Uwauze kuti ndamva. Uwauze kuti mnyamatayo wapita kukaona ng'ombe, akubwera. Iwo azidya."

Ndinawauza. Agogo anagwedeza mutu mokhutira, ndipo asekulu atangokhota kuseri kwa nyumba, anapitiriza kudya. Madzulo ake anadyanso nsima ndi nkhwani, anapempha yoonjezera.

Ndinakawapeza asekulu kukhola atatsamira chipata, chidutswa chija chikadali m'manja, chosaluma.

"Ndiye zatheka kapena zalephereka?" ndinafunsa, chifukwa zoona zake sindinkadziwa.

"Adya?"

"Adya."

"Mbwenu," anatero, osandiyang'ana.

A Nyabanda sanasunge pakamwa, ndipo sabata yotsatira asekulu anaitanidwa ndi akulu anzawo. Ndinamva kuti anakangana mpaka dzuwa kupendeka pa funso lakuti mowa ukawira n'kulowa mu keke umakhalabe mowa kapena ayi. Ena anati kudya si kumwa, ena anati nanga m'balamo analowamo ndi ndani. Sanagwirizane, choncho anati asekulu ayambe apuma paudindo miyezi ingapo, azikhala benchi la kumbuyo. Iwo anati yewo, ndipo kumapeto kwa mweziwo anapopanso njinga ya ku Jenda. Mpaka agogo kumwalira, chaka chinacho, mwamuna wawo ankafika kuchokera ku Joni pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo nthawi zonse ankapezeka kuti wangopita kumene kukaona ng'ombe.

Pano ndimakhala ku Mzimba boma, ndimaphika makeke a maukwati ndi a masiku obadwa, mu uvuni wa magetsi, akakhala kuti ayaka. Mabulawuni a sitauti sindigulitsa. Ndimaphika kamodzi pachaka, mu Disembala, ndipo mowawo ndimakagula ndekha masana, osabisa. Ana anga amadandaula kuti pakati sipanapse, ine n'kuwayankha mmene anandiyankhira asekulu.

Funso langa la kukhola lija sindinalipezerebe yankho. Masiku ena ndimati zinalephereka, chifukwa agogo anamwalira asanawaitanenso dzina lija maso ndi maso, asekulu n'kudzatsatira pambuyo. Masiku ena ndimati ndi angati amuna amene anamvapo ndi makutu awo zimene akazi awo amanena za iwo kumbali. Chimene chimandivutabe n'chakuti uthenga uja sindinaupereke, ine amene ntchito yanga inali imeneyo. Ndiye ndikadula, chidutswa cha pakona ndimachiika pambale payokha, ndipo m'khitchini mukakhala mulibe munthu ndimanena mokweza ndithu: asekulu, akuti simunawaiwalepo ngakhale chaka chimodzi.