Loya Wokana Kugwadiridwa

Bambo Crisanto Abellera anafika ku nyumba yosamalira okalamba ya ku Oadby, ku England, mu 2017, ali ndi zaka 88, sutukesi imodzi, ndi mutu woyamba kuiwala. Kwawo ku Philippines anali loya. Zaka makumi atatu ankaimira alimi a mzimbe omwe eni minda ankawathamangitsa. Kenaka anakhala phungu wa nyumba ya malamulo, n'kumafuula kuti asilikali achilendo achoke m'dziko mwawo. Chisankho chotsatira anagwa chagada. Koma ukalamba ndi wachipongwe: munthu wothamangitsa alendo uja anadzathera kwa eni, pafupi ndi mwana wawo Rosemary, namwino wa mu Leicester.

Wowasamalira anali Petronella wa ku Dedza, mayi wamasiye, wotopa kale ndi mabasi awiri m'mawa uliwonse ndi msana wosamva mankhwala. Petronella analeredwa bwino, ndipo vuto linagona pomwepo. Popereka chakudya kwa wamkulu ankagwada, mbale ili m'manja awiri, maondo akulira. Azungu okalamba ankangoti mayiyu ngwokoma mtima. Bambo Abellera ankakankha mbale n'kuyang'ana kukhoma.

Panatha masiku anayi supu akubwerera kukhitchini.

"Petro, akapanda kudya mawa awatransfera ku hospital," anatero Atuweni, mnzake wa pantchito. "Akawaika tube yowadyetsera. Ndipo obwerako kumeneko ndi ochepa, ukudziwa."

Petronella anaganiza kuti ulemu wachepa. Anagwada mpaka kuwerama, akunyengerera. Mkuluyo anataya supuni pansi, misozi ili chuchuchu.

Masana amenewo Rosemary analowa ali mu yunifolomu, n'kumupeza Petronella ali chigwadire.

"Mayi, dzukani chonde," anatero m'Chingerezi. "Alimi ankafika ku ofesi ya bambo n'kugwada ngati mmene ankagwadira eni minda. Bambo sankatsegula fayilo mpaka munthu atakhala pampando. Dzina langa anaiwala, koma zimenezo sanaiwale."

Petronella anadzuka movutika, manyazi atamugwira. Chibadwire sanakhalepo pampando wofanana ndi wamkulu pomupatsa chakudya. Anakoka mpando n'kukhala, mtima ukumuuza kuti umenewu ndi mwano weniweni. Bambo Abellera anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anawongola kolala ya pijama, nakhala tsonga.

"Tsopano mayi, nenani," anatero ndi mawu a m'khoti. "Wakulandani munda ndani?"

Petronella anafuna kuseka, koma analephera. Munda analidi nawo, ndi nyumba yamalata. Alamu ake analanda zonse maliro a mwamuna wake asanazizire, iye atagwada pakhomo kupempha. N'chimene anakwerera ndege. Zaka khumi ndi ziwiri ku England kuno, panalibe anamufunsapo.

Anatunga supu.

"Ndikuuzani zonse, bambo. Koma yambani mwadya."

Loyayo anatsegula pakamwa.