Lamba wa Amalume

Lamba uja anali wachikopa chofiirira, wong'aluka pabowo lachitatu, ndipo ankalendewera kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kwathu ku Morley, kutsidya kwa nyanja. Anali wa amalume, achimwene awo a amayi. Iwo adangobwera kudzationa, koma matenda a korona atatseketsa malire, mlendo adasanduka mwininyumba. Bambo anali kumigodi kumpoto, amayi ankasamalira okalamba, ndiye ine, mtsikana wankhutukumve woyankha m'Chingerezi akandifunsa m'Chichewa, ndidagwera m'manja mwawo.

Amalume anali mkulu wa mpingo kumudzi, ndipo Malemba ankawadziwa bwino, makamaka pamene akunena za ndodo. "Kale mwana wosamvera ankamuponya miyala," ankatero akusenda lalanje. "Zikoti zinali makumi anayi. Inu a kuno mumangolandidwa foni."

Sabata ina titaletsedwa kutuluka, ndidazemba kukacheza kwa mnzanga, ndipo amalume adandiona ndikutsika basi. Posakhalitsa ndidayamba kutsokomola. Amayi adaimitsidwa ntchito mpaka titayezetsa, ndipo sankadya poganiza za nkhalamba zomwe ankazisambitsa. Zitadziwika kuti tilibe matendawo, amalume adatsitsa lamba, nati mlandu ukambidwa madzulo kuseri pakapinga. Ndidachita mantha. Amayi sadatsutse. Kwathu mwini mbumba akalankhula, mlongo wake amayang'ana pansi.

Kutsidya kwa mpanda kunkakhala bambo ena okalamba achiyuda, ovala kachipewa kakang'ono paliwombo. Tinkangowatchula kuti aphunzitsi, chifukwa ndiyo inali ntchito yawo kale. Chiyambire matendawo sankatuluka m'nyumba. Koma madzulo amenewo adaima pampanda, masiki kukamwa, mandimu m'manja. Adapereka moni, n'kuyang'ana lamba, n'kufunsa mwaulemu ngati bwalo layamba kale.

Amalume adayankha ndi lamulo lija la mwana wosamvera, m'Chingerezi chawo cha kumishoni. Aphunzitsi adavomera kuti lamulolo ndi la makolo awo, ndipo akuluakulu a kwawo adalisinkhasinkha mibadwomibadwo. Mafunso awo ndimawakumbukirabe. Kodi mboni zilipo ziwiri? Kodi zidamuchenjeza mwanayo pomwepo asanakwere basi, iye n'kuvomera kuti chilango chake wachimva? Kodi bambo ndi mayi ake amubweretsa onse, ndi mawu amodzi? Adati ngakhale pa zikoti zija ankachotsapo chimodzi poopa kupyola muyeso, ndipo ankayamba aona ngati thupi la munthuyo lingapirire. Za miyala, adati ena mwa akuluakuluwo ankanena kuti palibe mwana adaphedwapo chotero.

"Nanga lidalembedweranji?" adafunsa amalume.

"Kuti tiziliphunzira," adatero aphunzitsi. "Pomwe munthu ukumaliza kuliphunzira, dzanja limakhala litazizira."

Kenako amalume adaseka mpaka kutsokomola. "Mboni ndine ndekha, alamu ali kumigodi. Iwe mwana, uli ndi mwayi wa nkhuku yothawa pa Khirisimasi." Lamba adamumanga m'chiuno. Chilango changa chidali kugwada n'kupepesa amayi m'Chichewa chokhachokha, ndipo kunena zoona, chidandiliza kuposa momwe lamba akadachitira.

Lero ndimathokoza aphunzitsi aja, omwe adatisiya ndisanaphunzire kuthokoza bwino. Ndimathokozanso amalume, chifukwa si akulu onse amene amalola kugonja mwana akuona. Kuyambira tsikulo ankakhala pampanda madzulo ambiri, akukangana ndi mnzawoyo za Malemba, ndipo lamba sadabwererenso pachitseko.

Nthawi imeneyo ndinkati udali mwayi wanga chabe kuti nkhalamba yosatuluka m'nyumba idatuluka tsiku lomwelo. Masana ake ndidawaona ndithu amayi akutulukira pageti ndi mbale ya mandasi yovindikira, n'kukhotera kutsidya kwa mpanda, n'kubwerako chimanjamanja, maso ali ofiira. Ine ndidangodandaula kuti mandasi apita.