Fomu yanu yandimana ntchito, inu mukuti onani pali green

Lachisanu lapitali, 16:00, ndataya mwayi wa ntchito chifukwa cha fomu ya pa webusaiti yomwe eni ake sanaiyesepo. Ndakwiya ndipo sindibisa.

Ine sindiona. Maso anasiya kuona ndili ndi zaka 19. Kompyuta ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ili ndi pulogalamu yondiwerengera mokweza zonse zili pa sikirini. Kampani ina ku Woodlands inalengeza ntchito yoyankha mafoni a makasitomala, ntchito imene ndaigwirapo zaka zisanu ndi chimodzi. Pansi pa chilengezocho analemba okha kuti olumala akulimbikitsidwa kufunsira. Kufunsira kwake pa webusaiti basi, kutseka Lachisanu 16:00.

Lolemba ndinatsegula fomu ija. Kompyuta inayamba kuwerenga: "Bokosi. Bokosi. Bokosi. Batani." Bokosi la chiyani? Dzina ndilembe pati, nambala ya chitupa pati? Ndilote?

Ndinakayikira kaye laputopu yanga. Kenako ndinatenga adiresi ya tsambalo n'kuiika mu valideta. Iyi ndi webusaiti yaulere yopima ngati tsamba linalembedwa motsata malamulo ake. Inapeza zolakwika 63. Mabokosi alibe mayina. Batani lotumizira ndi chithunzi chopanda dzina. Malo ena m'malembedwe a tsambalo anatsegula osatseka. Woona amangoponya maso n'kudutsa, koma pulogalamu yanga imawerenga zimene zinalembedwadi.

Lachiwiri ndinaimba foni kukampaniko. Akuti a IT ali mu miting'i. Lachitatu ndinatumiza mndandanda wonse wa zolakwikazo pa imelo. Zii. Lachinayi nditaimbanso akuti, "Bwelani mailo, ba madam," ndiye kuti mawa.

Lachisanu ndinanyamuka kwathu ku Kabwata pa basi ndi ndodo yanga, n'kufika kukampaniko 13:20. Anandikhazika pa benchi mpaka 15:05. Wotchi yanga imalankhula, ndiye mphindi iliyonse yotayika ndinkaimva ndi makutu.

Potsiriza anatulukira bambo wa IT, makiyi akulira m'thumba. Ndinamva akutembenuza laputopu pa tebulo.

"Onani apa, ba mummy. Pansi pa page pali ka badge ka green. Site yathu ni valid."

Onani. Kuuza ine. Ndodo yoyera ili pamiyendo panga.

Ndinawapempha kuti adine kachizindikiro kobiriwirako. Kakakhala koona, kamakutengera ku zotsatira za kupima. Ndinamva kudina kamodzi, kawiri, katatu. 

"Sikayenda kulikonse," anatero chapansipansi. "Ni ka picture chabe. Anakaika ni uja anapanga site."

Ndiye kuti munthu anakopera kachithunzi kwinakwake n'kukamata, ngati kumata chikalata cha udokotala pakhoma usanapiteko kusukulu. Ndinawatchulira adiresi ya valideta chilembo chimodzichimodzi. Anapima okha. Ndinawafunsa kuti zatuluka zingati.

"Sixty-three. Koma ni tuma error tung'ono. Kuli ine iseguka bwino."

Kwa inu! Kodi ntchitoyi mukufunsira ndinu?

Inali 15:30. Ndinatulutsa kalata ndi mapepala anga osindikiza kale, n'kupempha mayi wolemba anthu ntchito kuti alandire. Anakana. Akuti sisitimu silola mapepala. Ndinapempha tsiku limodzi lowonjezera. Akuti bwana yekha ndiye angalole, ndipo bwana ali ku Kabulonga. Kenako mayiwo anati andilembera okha fomuyo, pomwepo polandirira alendo, anthu ali thoo. Anayamba kundifunsa mokweza zaka zanga, ngati ndili pabanja, matenda amene ndili nawo. Manyazi anandigwira, koma ndinayankha. Ntchito ndinkaifuna.

Tili pakati foni yawo inalira. Anatuluka. Anabwera 15:56. Tinafika pa tsamba lomaliza wotchi yanga ikunena 16:01.

Fomu inali itatsekeka. "Yavala. Sorry, ba madam. Muzayesa next time."

Ndikutolera mapepala anga, mayi uja anawonjeza mawu amene andisowetsa tulo mpaka lero. Ananena mwachifundo, ndipo n'chifukwa chake anawawa kwambiri.

"Muziba, ndimwe oyamba. Zaka zonse izi kulibe munthu osaona anafunsilako nchito kuno. Tenze kuganiza kuti safuna."

Tsono inu akampani, dzina lanu ndalisunga kaye, ndiyankheni. Ndani anavomera webusaitiyi osaipima, pamene kupima n'kwaulere ndipo sikutha mphindi imodzi? Imelo yanga ya Lachitatu anaiwerenga ndani? Chotsani kachithunzi konamako lero. Konzani fomu, muitsegulenso, ndilembe ndekha ndi manja anga.

Ndipo musadzanenenso kuti sitifuna. Ine si woyamba kufunsira ntchito kwa inu. Ndine woyamba kukwera basi kudzakuuzani. Enawo anamva "bokosi, bokosi, batani," n'kutseka kompyuta mwakachetechete.