Kukaona Chinjoka ku Boma

Tinanyamuka ku Biriwiri Loweruka m'mawa, mame asanaume, ine ndi mwana wanga Esinati. Chikokololereni madzi dimba lathu la kachewere, anthu n'kumati wadutsa Napolo, mwanayu ankakana kuwoloka kamtsinje ka panjira ya kusukulu. Aphunzitsi anali atanena kuti akajombanso sabata ina amufufuta dzina. Kukalipa ndinayesa, kumunyengerera ndinayesa, osaphula kanthu.

Nzeru anandipatsa ndi Che Saidi, a sitolo ya pamsewu. "Ku boma kwabwera kanema wa chinjoka chocheza ndi mwana," anatero. "Kamuonetseni, achimwene. Mantha amatha n'kuona."

Tinazungulira kumlatho kuti tipewe kamtsinje kaja, n'kukwera lole ya kabichi. Ndinalipira matambala makumi awiri, mwana ulere poti ndinamukhazika pamwendo. Tisanalowe m'tauni anyamata a chipani anatiimitsa kufuna makhadi, wina mpaka kufunsa ya Esinati. Titapita patali ndithu m'pamene mayi wina anang'ung'udza kuti, "Mawa afunsa ya kabichiyu." Tonse tinayang'ana kumbali ngati sitinamve.

Pamsika tinagula zigumu ziwiri. Changa ndinadyera pomwepo, iye chake anamanga m'kansalu.

Kanemayo ankaonetsa masana m'holo ya sukulu, mazenera atatchinga ndi mabulangete. Anali wa Chingerezi, ndiye bambo wina kumbuyo kwathu ankamasulira mokweza, zambiri zongopeka. Chinjoka chitatulukira, chobiriwira, chimimba ngati nkhokwe, timapiko tosakwana n'komwe, amayi awiri anathawira kukhomo akukuwa, "Mayo ine, Napolo!" Esinati anabisa nkhope mu jekete yanga. Mumtima ndinati basi, ndawonjezera matenda.

Kenaka kamnyamata ka m'kanemamo kanayamba kuimba, chinjoka n'kumavomera ndi besi ngati wakwaya. Ndinamva mutu ukutuluka pang'onopang'ono m'khwapa mwanga.

"Ababa, anthuwo akuchipirikitsiranji?"

"Sakuchidziwa."

"Chilibe kwawo?"

Ndinacheukira womasulira uja, koma anali atatanganidwa ndi nyimbo.

Tinabwerera pa lole yomweyo, kabichi atatha. Potsika dzuwa linali litapendeka, ndiye ndinalowa dala njira yachidule. Pakamtsinje paja Esinati anaima nji. Iye anamasula kansalu kaja, n'kunyema chigumu, chidutswa n'kuika pamwala.

"Mwina Napolo anali ndi njala basi," anatero.

Anakwinya diresi n'kuwoloka, ine ndikulimbanabe ndi zingwe za nsapato.

Ndinapita ku boma kukamuonetsa kuti zinjoka n'zabodza, iye anabwerako atatsimikiza kuti ziliko. Lolemba anapita kusukulu. Kuyambira pamenepo chigumu cha pakhomo pathu chinkapezeka chonyemeka m'mawa uliwonse, ndipo amake ndinawauza kuti asafunse.