Chaka Chimene Agologolo Anatha ku Chazanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene atate anadana ndi a Njobvu chifukwa cha agologolo. Tinkakhala ku Chazanga, kumapeto kwenikweni kwa komboni, kumene nyumba zinkathera n'kuyamba timinda ta anthu. Kuseri kwa timindato kunali chitunda cha miyala ndi zulu, chokhala ndi misuku yotsalira apo ndi apo. M'mauna a m'zulumo ndi m'ming'alu ya miyala ndi mmene munkakhala agologolo.

Atate, a Sakala, anali a ku Petauke, ndipo ankaumba mabuloko a simenti kwa bwana wina m'mbali mwa msewu waukulu. A Njobvu anali a ku Katete, ankalonda sitolo m'tauni, ndipo nyumba yawo inayang'anana ndi yathu. Onse awiri kusaka anabwera nako kuchokera kumudzi. Chitunda chija anachigawana pakamwa pokha: ngalande ya madzi a mvula inali malire, kum'mawa kwathu, kumadzulo kwawo. Mwana wawo Yotamu anali msinkhu wanga, tinkaphunzira kalasi imodzi, ndipo ntchito yoyendera misampha inali ya ife awiri, aliyense mbali yake.

Nyengo yosaka inkayamba kukazizira, anthu atakumba nsawa, agologolo atanona. Tinkatchera maliwa. Umatenga mwala wophwatalala, n'kuuimika pa kamtengo, pansi pake n'kumangirira nsawa yokazinga. Kanyama kakangokoka nsawayo, mwala umagwa. Zaka zabwino ndinkabwerera kathumba kakulemera, amayi n'kuwaula nyamazo pa mbaula, fungo la ubweya wopserera n'kudzaza bwalo lonse. Ana a anzathu a Chibemba ankatiseka kuti tikudya makoswe, koma akamva fungo la mchere ndi mafuta ankazungulira pakhomo pathu.

Kuchepa kwa agologolo sikunayambe tsiku limodzi. Otentha makala anali atagwetsa misuku yambiri, ndipo azimayi ophwanya miyala yogulitsa ankakwera chitundacho pang'onopang'ono ndi nyundo zawo. Kenaka kunabwera chaka chija. Mvula inachedwa, itabwera inadula chimanga chisanamasule. Nsawa zinatuluka makoko okhaokha. Masuku sanabereke. Kuzizira kutafika kunabwera ndi mphepo yolasa m'mafupa, ndipo agologolo sakonda kutuluka kukakhala kotero. Ochepa amene ndinkawapeza anali owonda, nthiti zikuwerengeka, ndipo ana sindinkawaona konse.

Chilala chomwecho chinaumitsa chitsime cha bwana wa atate, ntchito ya mabuloko n'kuima. Atate anayamba kukhala panyumba tsiku lonse, pampando wawo pakhomo, maso ali pa njira yochokera kuchitunda.

"Vili kuti?" ankafunsa ndisanafike n'komwe.

"Kulibe, Batate. Maliwa yonse yali chiimire, na nsawa zikalimo."

"Chaka chatha pa chulu chija tinali kuchotsapo tsiku na tsiku. Manje vayenda kuti? Vakwera basi?"

Tsiku lina anapita okha. Anapeza diwa limodzi litagwa, pansi pake pali ubweya ndi timagazi koma nyama palibe. Pafupi panali mapazi a patapata ya mwana. Ana onse a m'komboni tinkavala patapata, ndipo agalu ndi amphaka ankayendanso kuchitundako, koma atate anabwerera ali ndi dzina la wakuba kale m'kamwa.

Ndinakumana ndi Yotamu pamzere wa madzi m'mawa mwake. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anandinong'oneza kuti, "Dalitso, na ise kulibe. Batate bakamba kuti ndimwe mutibela."

Ndinathamanga nayo nkhaniyo kunyumba, ndikuganiza kuti atate akaimva aseka, mlandu uthe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandiomba khofi limene linandigwetsera pa chidebe cha madzi.

"Wayamba kukambirako bakawalala? Nikakuonanso na uja mwana, uzagona kwamene kuja."

Kuchokera pamenepo udani unakula ngati chilonda chosatsukidwa. Atate anaoloka ngalande n'kugwetsa maliwa a a Njobvu. A Njobvu anaswa miyala yathu ndi nyundo. Amayi ndi akazi a a Njobvu, amene ankabwerekana mchere ndi sefa, anasiya kupatsana moni. Madzi otsukira mbale ankathiridwa dala kuti ayenderere pakhomo pa mnzako. Nkhuku yathu inabwera tsiku lina ikukoka mwendo wothyoka, ndipo atate anaima pakati pa njira n'kutukwana a Njobvu pamodzi ndi mtundu wawo wonse, anthu akumvetsera pa mazenera. A Njobvu anayankha ali chikhalire, akunola chikwanje pamwala.

Nkhani inakafika kwa tcheyamani wa chigawo chathu. Tili panjira yopita kumeneko, atate anandigwira phewa mwamphamvu.

"Ukakambe kuti unamuona Yotamu pa diwa yathu. Wamvera?"

Tinakhala pakhonde pa tcheyamani, a Njobvu mbali ina, Yotamu atakhala pansi pafupi ndi mapazi a atate ake. Tcheyamani anandifunsa ngati ndinamuona Yotamu pa diwa lathu. Ndinayang'ana atate, ndinayang'ana Yotamu, amene ankangojambula pansi ndi chala.

"Sininamuone," ndinatero.

"Kamba bwino," anatero atate.

"Sininamuone, Batate."

Tcheyamani anapukusa mutu, nati amuna aakulu a ndevu zawo asamamutayitse nthawi ndi nkhani za gologolo. Mawu amenewo anawapsetsa mtima onse awiri. Titafika kunyumba atate anatseka chitseko n'kutenga chidutswa cha paipi ya madzi. Amayi ankagogoda kunja akuchonderera kuti, "Batate bake Dalitso, muzapaya mwana," koma atate anasiya kundimenya pokhapokha mkono utatopa. Kwa masiku angapo ndinkagona chafufumimba, ndipo kusukulu ndinkakhala m'mphepete mwa benchi. Yotamu sanandilankhule. Nayenso anali ataletsedwa.

Mwezi wa Ogasiti unafika ndi mphepo yake ya fumbi. Udzu kuchitunda unali wouma moti unkathyoka ukauponda. Loweruka lina masana a Njobvu ndi akazi awo anapita kumaliro ku Matero. Atate anawayang'ana mpaka anakhota, kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi machesi ndi zibonga ziwiri.

"Tiye. Vonse vinathawira ku mbali kwake, ndiye chifukwa adya nyama yeka. Lelo vizabwerera."

Ndinawauza kuti sindinamuone Yotamu akupita nawo kumaliro, ndipo masana otere amakonda kuyendera maliwa.

"Wayambanso?" anatero, osatembenuka.

Anandiimika pa ngalande, mbali yathu, chibonga m'manja. Iwo anazungulira mpaka kuseri kwa gawo la a Njobvu n'kuyatsa udzu m'malo angapo. Moto unayamba mwaulesi, kenaka mphepo inaunyamula. Unkalira ngati malata akung'ambika. Utsi unaphimba dzuwa, phulusa likugwa m'maso, akabawi akuzungulira pamwamba. Atate anabwera akuthamanga n'kudzaima pafupi nane, miyendo atatangadza, akudikira khamu la agologolo limene ankakhulupirira kuti a Njobvu akubisa.

Kunatuluka mbewa zochepa, abuluzi, ndi njoka imodzi imene inatidutsa osatilabadira. Pomaliza kunatuluka gologolo mmodzi, wowonda, mchira utapserera. Atate anamuphonya, gologoloyo n'kulowa pansi pa mwala.

Ndiye tinamva kukuwa.

Yotamu anatuluka mu utsimo akudumphadumpha, kabudula akuyaka mbali imodzi. Anali atagwada kuseri kwa chulu akukonza diwa, ndipo moto unamutsekera njira. Anathamanga kudutsa pa udzu woyaka, patapata n'kusungunukira kuphazi. Atate anataya chibonga, navula malaya, namugwetsa pansi n'kuzimitsa motowo ndi malayawo komanso ndi manja awo. Anamubereka kumsana n'kuthamanga naye mpaka kumsewu. Ine ndinkatsatira pambuyo, ndipo fungo limene linkandifika m'mphuno linali lomwe lija la pa mbaula ya amayi. Kuyambira tsiku limenelo sindinadyenso nyama yowaula.

Ku kiliniki anamutumiza kuchipatala chachikulu. A Njobvu anamva ali kumaliro. Dzuwa lisanalowe anafika pakhomo pathu ndi mpini wa nkhwangwa, amuna anayi akuwagwira, iwo akuwakoka onsewo. Atate anali atakhala pampando wawo, manja okutidwa ndi nsalu zoyera ali pamaondo.

"Sakala, wanitenthera mwana chifukwa cha kanyama kosadzaza na dzanja," anatero a Njobvu. "Chaka chonse ichi nyumba yanga sinalawe gologolo. Nenze kuganiza ni iwe unidyera."

"Unayamba ndiwe," anatero atate.

Apolisi anabwera kudzatenga atate. Anakhala m'chitokosi mpaka akuluakulu a mpingo atalowererapo, ndipo atatuluka anapeza komboni yonse yatitembenukira. Pamzere wa madzi chidebe chathu chinkakankhidwira kumbuyo. Ana anzanga ankandiitana kuti mwana wa wotentha anthu. Miyala inkagwa padenga pathu, osadziwa waponya. Akazi a a Njobvu akadutsa pakhomo pathu ankalavula malovu pansi, ndipo amayi ankangoweramitsa mutu. Mvula isanayambe tinasamukira ku komboni ya Ng'ombe, kumene amayi anapeza ntchito yochapa kumayadi.

Tisanasamuke ndinakwera chitundacho ndekha. Chinali chakuda bii, zitsa zili zopserera. Ndinaoloka ngalande koyamba m'moyo wanga n'kuyenda m'gawo la a Njobvu. Maliwa awo ena anali atagwa timitengo titapsa, ndipo ndinawatukula limodzilimodzi. Pansi pake panali nsawa zopserera basi. Ndinagwada pa chulu chachikulu n'kusuzumira m'mauna. Pakamwa pake panalibe mapazi, panalibe makoko a nsawa, ndipo ena anali atagumukira mkati kalekale. Mbali yawo inali yopanda kanthu chimodzimodzi ndi yathu.

Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, nsawa zinabereka, koma amene anatsala ku Chazanga anatiuza kuti agologolo sanabwerere. Patapita zaka zochepa pachitunda paja anakhomapo zikhomo za mapuloti.

Atate anamwalira ine nditakula kale. Zala zawo ziwiri sizinkawongoka chifukwa cha moto uja, ndipo munthu akafunsa ankati anapsa kuntchito. Ndinayesapo kamodzi kuwauza zimene ndinaona pansi pa maliwa aja. Iwo anangoti, "Njobvu anali kawalala," n'kutembenukira kukhoma.

Yotamu ndinamuona chaka chathachi, nditapita ku Chazanga kukaona wodwala. Amawotcherera mageti m'mbali mwa msewu. Ndinamuzindikira ndi mayendedwe, chifukwa phazi lija limaponda chammbali. Ndinaima n'kumupatsa moni, ndikutchula dzina langa ndi la atate. Anakweza magalasi ake akuda n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mufuna geti?"

"Iyayi, nenze kufuna chabe kukupatsani moni."

"Ndiye pitani. Nili na nchito."

Anatsitsa magalasi, moto wa chitsulo n'kuyambanso kuthetheka. Sindinamuimbe mlandu. Zikwapu zimene ndinalandira chifukwa chokana kumunamizira zinapola mwezi usanathe, pamene iye phazi lake akuyenda nalo mpaka lero.

Zinanditengera zaka zambiri kuti ndimvetse chimene chinawagwira atate. Agologolo anatha chifukwa mvula inakana, misuku inapita m'matumba a makala, miyala inaphwanyidwa, ndipo ifenso tinkatchera chaka ndi chaka osasiyako mbewu. Atate zonsezi ankaziona ndi maso awo, sanali munthu wopusa. Koma mvula ilibe khomo loti munthu akaimepo n'kutukwana, ndipo otentha makala anali ambiri, osadziwika maina. A Njobvu anali pafupi, tsidya la njira, ali ndi nkhope ndi dzina. Munthu wopanda ntchito, amene ana ake akudya masamba okhaokha, anafuna wina woti amugwire pakhosi, ndipo anagwira amene dzanja lake linamufikira.

Lero ndili ndi banja langa, ndipo zinthu zimachepa ndithu: madzi pampopi, makasitomala pa kantemba, kagolosale ka mkazi wanga, malo oimikapo tebulo pamsika. Zikachepa ndimamva mtima wanga ukuyamba kufunafuna nkhope, ndipo nthawi zambiri nkhopeyo imakhala ya munthu amene akuvutika chimodzimodzi ndi ine. Ndikazindikira kuti ndayamba kuyang'anitsitsa khomo la mnansi, ndimanyamuka n'kupita kukamufunsa kuti kwake zikuyenda bwanji, mkwiyo usanandiuze yankho lake.