Mutu wa chambo cha bambo

Loweruka lachiwiri la Okutobala

Ndadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo sindinkafuna kuyankhula ndi munthu. Amayi anandituma ku boma kukagula nsapato za kusukulu. Ndinadziwiratu kuti kuchokera pa depoti kupita kumsika ndidutsa pa lesitilanti ija.

Ndi kanyumba ka malata kopaka utoto wobiriwira, kufupi ndi mlatho wa Shire. Chikwangwani chake chinafufutika kalekale, koma palibe amene sakadziwa. Chilimwe chino alendo opita ku Nkopola amaimika galimoto pomwepo kuti adye chambo chowotcha ndi mpunga, n'kutsitsira madzi a bwemba ozizira. Eni ake ndi bambo achikulire a kwa Mponda, ovala kofia yoyera. Pamalo pawo sudya nsomba imene sunasankhe wekha. Amakubweretsera beseni, uyang'ane maso a nsomba, uloze.

Bambo anga ankaphunzitsa pa pulayimale ina cha ku Malindi, kumene ine ndi amayi tikukhalabe. Mwezi uliwonse ankanditenga kukadya kumeneko. Tinkagawana chambo chimodzi, ndipo achikulire aja ankadula okha. "Mutu ndi wa aphunzitsi, awonjezere nzeru. Mchira ndi wa mwana, azitsatira pambuyo." Amanena zimenezi ulendo uliwonse, bambo n'kumaseka ngati akuzimva koyamba.

Bambo anamwalira mu Juni, kuchipatala ku Blantyre. Tinakawaika kwathu ku Dedza. Uthenga wa maliro unapita kusukulu, kutchalitchi ndi kwa achibale. Za pa lesitilanti palibe anazikumbukira.

Lero ndinayenda tsidya lina la msewu, nditazolika. Sizinathandize.

"Mwana wa aphunzitsi! Ukuthawa ndani? Tabwera kuno."

Ndinapita n'kuwapatsa moni nditagwada. Anandikhazika pa benchi lathu la pakona, pamene pamawomba kamphepo ka kumtsinje.

"Abambo ako ndinawalakwira chiyani?" anafunsa. "Miyezi inayi, ngakhale moni. Kapena apeza kwina kumene amawotcha bwino kuposa ine?"

"Ayi, agogo."

"Ndimati mwina boma lawasamutsa. Aphunzitsi ambiri amatero, amadya nafe zaka, tsiku lina angoti zii. Koma ndinawauza ana ondithandizawa kuti ayi, awa sangapite osatsanzika. Ali bwanji?"

Pa tebulo lina alendo anali kujambula nsomba yawo ndi foni. Mawu ndinali nawo pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ali bwino. Ntchito yawachulukira."

Anasangalala kwambiri, ndipo ndi zimene zikundiwawa mpaka pano. Anabweretsa beseni. Ndinaloza nsomba osayang'ana n'komwe maso ake. Itapsa anaidula monga mwa nthawi zonse, mchira n'kundipatsa, mutu n'kuukulunga bwinobwino m'pepala.

"Uwapatse. Uwauze kuti mutu wawo ndatopa kuwadyera, nzeru zandichulukira. Loweruka likubwerali abwere okha, ndikawasungira chachikulu."

Ndinadya mchira wonse chifukwa anali kundiyang'ana. Sindinamve kukoma kwake.

M'minibasi yobwerera kutentha kunali koopsa, ndipo mafuta anayamba kudontha m'pepala muja n'kudetsa bokosi la nsapato. Mayi wina pambali panga anati, "Ndiwo zabwino izi, wasungira ndani?" Ndinayang'ana pawindo.

Kunyumba ndinaika phukusilo pa tebulo. Amayi anatsegula, anaona mutuwo, ndipo sanafunse kumene wachokera. Anakhala pansi. Kenako anati, "Sunawauze?"

"Ndinalephera, amayi."

"Si iwe wolakwa. Ndine. Munthu anadya ndi abambo ako zaka zisanu ndi ziwiri, ife n'kumubisira maliro ngati mlendo."

Mutuwo sitinadye. Kutaya sitinathenso. Uli m'mbale, tavundikira ndi mbale inzake.

Ndakhala ndikuganiza za Loweruka likubweralo. Achikulire aja adzapita kudoko m'mamawa, adzasankha chambo chachikulu, adzakana kuchigulitsa kwa alendo, n'kumayang'ana kumsewu mpaka dzuwa litapendeka. Kale amangodabwa. Tsopano akudikira, ndipo amene wawapatsa chodikira ndine.

Amayi akuti adzapita okha, poti uthenga wa maliro sunenedwa ndi mwana. Ndawapempha kuti tipitire limodzi. Mawa tikaweruka kutchalitchi tikwera minibasi. Za maliro akanena ndi amayi, koma ndisanawasiyire mawu ndikagwada n'kunena kuti, "Agogo, dzulo ndinanama." Ndikatenganso chithunzi cha bambo chimene chili m'buku langa la masamu. Ngati angafune, akachikhome pakona paja.