Mpondamsana

Lachiwiri lapitali ndinatukwanidwa ndi mayi wofatsa.

Ndimaphunzitsa pa kashikola ka kumudzi, kuseri kwa mapiri a ku Fonte Boa. Monga mudziwa, Loweruka lililonse ana amalima m'munda wa mphunzitsi. Ndinazipeza choncho, nanenso ndinalimirapo aphunzitsi anga. Tsono Loweruka lija mtsikana wina, Rozaliya, sanabwere kudzapalira mbatata yanga ya kachewere. Lolemba ndinamuthira mbalamatodya zisanu, kathabwa kaziboo komenyera m'manja kaja.

M'mawa mwake kunabwera amake, aNangozo. Anagwada chapatali mwaulemu, n'kundiuza kuti mwanayo anatsala kudwazika mng'ono wake, ndipo tsopano manja atupa moti sangagwire ngakhale munsi. Akuti Lolemba likudzali amuwolotsa malire pa Kalomwe, azikaphunzira kwa amalume ake ku Dedza. Podzuka anati:

"Ife timati mwana tapereka kwa aPulofesoli. Sitinadziwe kuti tapereka kwa mpondamsana."

Zinandilasa. Pa ana anga onse, Rozaliya ndiye wamutu, ndipo sindifuna kumutaya.

Mawu akuti mpondamsanawa ndi athuathu kuno. Timatchula choncho aliyense wolamulira mwankhanza, kaya kapitawo wa pamsewu, kaya mwamuna wosandutsa mkazi wake ng'oma. Achinyamata amangowanena, osadziwa kumene anachokera. Ine ndikudziwa, chifukwa msanawo unali wa atate anga.

Ndisanabadwe, kunali shefu wa posito wina, mzungu wolamulira dera lino, amene ankayendera midzi pa machila. M'dzinja sankafuna kuti nsapato zake zikhudze matope. Akafika pamudzi, mmodzi wa onyamula ankagwada, manja pansi, bwanayo n'kutsikira pamsana pake kukaponda pamphasa. Atate anali aafupi ndi ojintcha, choncho ntchitoyo inkagwera iwo. Dzinalo linabadwira m'nyimbo ya onyamula machila. Mwini wake anabwerera kwawo kalekale, koma dzina anatisiyira, ndipo silinasowepo wolivala.

Lachiwiri lomwelo ndinapita kwa atate kukadandaula, poyembekeza kuti akwiyira nane limodzi. Ndinawapeza akusoka mphasa. Ndinawafotokozera zonse, n'kulumbira kuti ine chibadwire sindinapondepo munthu. Iwo anangofunsa kuti mbatata imeneyo adzadya ndani. Ndinati ine. Anakoka chingwe, n'kunena osandiyang'ana:

"Mzungu uja sankalemera, mwana wanga. Chinkandiwawa n'chakuti sanandifunsepo ngati ndadzuka bwino. Iwe unam'funsa mwanayo chimene anajombera?"

Sindinam'funse.

Chala sichiloza mwini. Tikakhala pabwalo timadziwa kuwatchula mmodzimmodzi azungu ovala zipewa zoyera aja, ndi asipayo, apolisi awo, omwe. Koma tiyeni tinene zoona. Ndani wa ife amene anapatsidwa kampando, ngakhale kabelu ka shikola chabe, osayamba kufuna pouma poti aponde? Ankhoswe, akulu ampingo, ife aphunzitsi, tonse tili ndi yankho limodzi, lakuti tinazipeza choncho. Shefu uja nayenso mwina anapeza msana utagwada kale.

Sindikunena kuti mwana asalangidwe. Koma munda unali wanga, mlandu ndinaweruza ndine, thabwa ndinagwira ndine, ndipo mwini manja sanapatsidwe mpata wotsegula pakamwa. Manyazi andigwira, sindibisa.

Dzulo ndinapalira ndekha mizere ya Rozaliya, kenaka n'kupita kwa aNangozo kukapepesa. Anandiyalira mphasa, anandimvera mpaka ndinatha, n'kundithokoza kuti ndabwera. Za ku Dedza sanatchule. Koma kamtolo ka Rozaliya ndinakaona kuseri kwa chitseko, komanga kale, kope lake lili pamwamba.

Inu amene nsapato zanu zikali zoyera dzinja lino, mwatsikira pamsana pa yani?